Kaphiri kathu ka udzu: amalume akufuna kubzalapo bulugamu

NaBanda_Kapata:

Abale, ndigawireniko nzeru. Kumudzi kwathu, njira ya ku Chadiza, kuseri kwa munda wa malemu amayi kuli kaphiri ka nsangalabwi, mwina mahekitala awiri. Chibadwire changa sipanalowepo khasu, ndipo ambuya ankati nawonso anapapeza choncho. Mitengo palibe. M'munsi muli tsekera amene mudzi wonse umamweta kukafolera, pamwamba pali kaudzu kena kosalala kolekeza m'mawondo.

Loweruka lapitali ndinakwerapo ndi mwana wanga. Anyamata a mbewa anatenthapo mwezi watha, ndiye ndimati ndikapeza phulusa lokhalokha. Ayi ndithu. Mvula inasiya mu Epulo, uno ndi Okutobala, nthaka ikuwotcha kumapazi, koma maluwa atumphuka pa lupsa ponseponse, achikasu, ofiirira, ena oyera. Pali timitengo tolekeza m'kakolo tokhala ndi zipatso zonga maula. Pena tizipatso tofiira tangounjikana pansi, tsamba ngakhale limodzi palibe. Mwana anati tizule kamodzi tikabzale ku Kapata. Tinakumba ndi chikwanje mpaka thukuta, n'kupeza muzu waukulu ngati ntchafu ya munthu, ukupitirira cham'mbali. Tinakwirira n'kuusiya.

Tsono amalume, amene ndiwo eni mbumba, akuti Disembala ino alowetsa ng'ombe ndi pulawo, abzale bulugamu 2,000. Akuti malowo angogona, pomwe mapolo ali pa msika. Ine ndine mphunzitsi chabe, sindingakaime pamaso pawo n'kunena kuti ndimakonda maluwa. Kodi zimenezi ndi tchire wamba? Akalima, sizidzameranso zokha?

Dalaivala_Chanida:

Alongo, timaula tanuto ine ndinationa kutali, kugombe la nyanja yamchere. Ndimayendetsa thiraki, kawirikawiri kudzera pa Chanida, Tete mpaka Beira, koma ulendo wina ndinafika ku Maputo, n'kuwoloka mlatho wa Katembe uja anatsegula mu 2018, kulowera ku Ponta do Ouro. Kuseri kwa milu ya mchenga ya kugombe kuli zigwa za udzu, apo ndi apo migwalangwa yaifupi imene eni dziko amagomamo uchema. Nyanja ili pafupi, mphepo ikununkha mchere, koma mchengawo susunga madzi, pamwamba pamauma gwa. Tayala litaphulika ndinakhala pamenepo theka la tsiku, ndipo mnyamata wina wa ng'ombe anandithyolera tizipatso pa kamtengo kosafika ndi m'bondo momwe. Kulawa, maula enieni.

Mukadutsa malire pa Kosi Bay kutsikira ku Richards Bay, mumayenda maola muli pakati pa bulugamu, kenako nzimbe. Kale ambiri mwa malo amenewo anali udzu womwewo. Ndinaimapo kukadzithandiza m'kati mwa bulugamu: pansi masamba ouma okhaokha, ngakhale chiwala sindinachione.

WaZankhalango_Katete:

Mayi NaBanda, chimene munakumbacho si muzu wamba, ndi mtengo wathunthu umene thunthu ndi nthambi zake zili pansi pa nthaka. Zimene mumaona pamwambazo ndi nsonga chabe. Wa maulawo pa sayansi ndi Parinari capensis, mbale wake wa muula waukulu uja, Parinari curatellifolia. Wa zipatso zofiira zotuluka masamba asanaphuke ukumveka ngati Lannea edulis. Adalaivala sananame: mtundu wina wa Parinari capensis umamera pa mchenga wa Maputaland, kum'mwera kwa Mozambique ndi kumpoto kwa KwaZulu-Natal, ndipo kumeneko udzu wa kugombe ndi umodzi mwa malo amene atha kwambiri chifukwa cha bulugamu, paini ndi nzimbe.

Mitengo imeneyi inabisala pansi pothawa moto. Chaka ndi chaka moto umanyambita zapamwamba, chuma chonse chili m'nthaka. N'chifukwa chake maluwa mukuwaona mvula isanagwe: akudya nkhokwe ya madzi ndi chakudya imene ili m'mizu ndi m'timbatata tawo, ndipo akuthamangira kubereka tsekera asanatalike n'kuwaphimba. Timitengo tambiri timene mumayesa n'tosiyana tikhoza kukhala mtengo umodzi wolumikizana pansi, wakale kuposa ambuya anu.

Funso lanu loti zidzameranso, yankho lili kumudzi konko. Kayendereni tsala lililonse limene linasiyidwa zaka 10 kapena 20 zapitazo. Mupezamo namsongole, kapinga, chisoso, pena lantana. Timaula tija simutipeza. Zomera zimenezi zimadalira mizu, kumera kuchokera ku njere n'kwapatalipatali, ndiye pulawo ikangodula n'kutembenuza, zapita. Udzu wobiriwira umabwerera msanga, inde, koma ndi udzu wina. Anthu amangoti "pameranso" chifukwa m'maso mwathu udzu wonse ndi umodzi.

Ndinene chimene anzanga a ntchito sakonda kumva. Tinaphunzitsidwa kuti malo opanda mitengo ndi malo owonongeka, ndipo ineyo ndagawapo mbande zoti zikabzalidwe pa malo ngati anuwo. Ndimachita nazo manyazi. Pali malo amene anadulidwa, amenewo tibzale. Palinso malo amene ndi a udzu chilengedwere, monga madambo ndi pamwamba pa phiri la Nyika ku Malawi, pamene pali mitundu yoposa 200 ya maluwa a m'banja la chikanda. Bulugamu ndi wa ku Australia, akakula amatseka dzuwa, ndipo mwini wake salolanso moto kufika pafupi. Mthunzi ndi kusapsa, ziwirizo zimapha ngakhale zimene pulawo inaphonya.

Koma anyamata a mbewawo auzidwe. Moto wa mu Seputembala ndi Okutobala ndi waukali, umalowa m'midzi ndi m'minda. Ndi bwino kutentha udzu ukangomwetedwa, kukadali kozizira, mutalambula m'mphepete.

Jere_waFodya:

Inu a m'tauni mumandiseketsa. Mwapita kumudzi tsiku limodzi, mwaona maluwa, basi amalume asanduka mdani. Maluwa adyedwa? Munthuyo akuganiza za feteleza ndi mayunifomu a adzukulu, mwina ana a abale anu omwe. Ife a fodya mitengo ya zigafa timaigula, ndipo tikapanda bulugamu timakadula m'phiri. Musaiwale zimenezo.

Komabe pa malopo amalume anu alakwitsa, osati chifukwa cha maluwa. Ine ndinabzalapo mbande 500 pa nsangalabwi ngati pamenepo. Dothi n'losaya, chilimwe choyamba zinafota, chiswe chinamaliza. Zinatsala 60, zoonda ngati misewe, mpaka lero sindinagulitsepo ngakhale polo imodzi. Zimene ndinabzala pa tsala la kumunsi ndadula kale kawiri, zikuphukiranso pa zitsa.

Mukapita musakayambe ndi zilatini za a Zankhalangozo, akakuthamangitsani. Kawerengeni mitolo ya tsekera imene imachoka pamenepo chaka chilichonse, muchulukitse ndi mtengo wa mtolo pa msika. Afunseni ng'ombe zawo zidzadya kuti mu Okutobala, popeza msipu woyamba umatuluka pa lupsa pomwepo. Ndipo ngati mudzi wonse umamweta pamenepo, anyakwawa ayenera kumva nkhaniyi pulawo isanalowe. Azimayi akadzasowa udzu wofolera, dzina lotchulidwa pachitsime lidzakhala la amalume anu.

WaZankhalango_Katete:

A Jere anena zoona, za chiswe ndinaiwala. Mayi, mukapitanso jambulani chomera chilichonse pafoni, duwa, tsamba ndi chipatso, ndipo mubwererenso mu Januwale ndi Febuluwale. Nthawi ya mvula pamatuluka gulu lina losiyana ndi limene mwaonali. Mukaona za chikanda musalengeze pamsika, okumba akamva satsalitsa.

NaBanda_Kapata:

Zikomo nonse. A Jere, mwandilasa koma ndamva. Ndawaimbira amalume usiku wathawu, ndinayamba ndi ng'ombe monga munanenera. Anakhala chete kanthawi, kenako anati timaula tija amatidziwa, ankatidya ali kubusa, ndipo ambuya ankawaletsa kukumba pamenepo ati pali mankhwala awo a m'mimba. Zobzala bulugamuyo pa tsala lathu la kumunsi akuti aganiza, vuto ndi loti msuweni wanga amafuna kulimapo soya chaka chino. Mbande amalume analipira kale theka, ndiye zibwera basi, funso ndi loti zikalowa pati.

Loweruka ndikwera basi ya m'mawa. Akuti ndikawaonetse muzu uja ndi maso awo, ndipo nditenge shuga ndi khasu langa, lawo salola kuti likagwere pa miyala.