Masamu a bizinesi pa intaneti: ndidziwa bwanji pomwe wophunzira wasochera?

Mphunzitsi_wakumudzi:
Moni nonse, makamaka inu amene mumaphunzitsa masamu. Ine ndimaphunzitsa masamu a bizinesi pa koleji ina yakumudzi ndipo kosi imeneyi tinaisamutsira pa intaneti chifukwa ophunzira athu ambiri ndi akuluakulu, ena amagwira ntchito masana ena amakhala kutali moti zobwera mkalasi tsiku lililonse sizingatheke. Timagwiritsa ntchito Moodle, pulogalamu yophunzitsira pa intaneti, manotsi ndimaika pa PDF, ma quiz amadzichonga okha. Vuto langa ndi loti quiz imangondiuza kuti uyu walakwa koma osandiuza kuti walakwira pati. Mkalasi ndimayenda m'mizere nkuona pa pepala kuti apa munthu wagawa ndi nambala yolakwika, nkumugwira dzanja pomwepo. Pano ndikungoona ansala yomaliza basi. Mwachitsanzo ndinafunsa kuti katundu wagulidwa pa 80 wagulitsidwa pa 100, margin ndi maperesenti angati, ambiri analemba 25 pomwe ine ndimafuna 20. Ndikaitanitsa kalasi ya pa Zoom kuti tilongosolerane, netiweki yakuno imawatulutsa mmodzimmodzi mpaka ndimatsala ndikuyankhula ndekha. Anzanga mumapanga bwanji?

Gogo_Pythagoras:
Aphunzitsi, 25 uja musamuone ngati ansala yongolota, akukuuzani kale komwe asochera. Phindu ndi 20, iwo agawa ndi 80 mtengo wogulira nkupeza markup, pomwe margin timagawa ndi 100 mtengo wogulitsira. Nde munthu wolemba 25 masamu akuwatha bwinobwino, chomwe sanagwire ndi choti peresenti iliyonse imafuna udzifunse kaye kuti "peresenti ya chani". Wolemba 80 kapena 1.25 ndi amene ali ndi vuto lina.

Ine ndimapanga dala mafunso kuti cholakwa chilichonse chitulutse nambala yakeyake. Mu Moodle funso la mtundu wa numerical limalola kuti muikemo ma ansala angapo, lililonse ndi ndemanga yake, ndiye mumaika 20 kukhala yolondola, kenako 25 mumaipatsa ziro koma nkulemba pansi pake kuti "mwagawa ndi mtengo wogulira, yesaninso". Wophunzira amaona zimenezo nthawi yomweyo inu muli mtulo. Zimatenga nthawi kukonza, sindinama, koma mukakonza kamodzi ndi zanu mpaka kalekale.

Ena omwe ndimawakonda ndi awa. Mtengo wa 100 wakwera ndi 20 peresenti kenako watsika ndi 20 peresenti, wafika pa zingati? Wolemba 100 ndiye kuti akuphatikiza ndi kuchotsera maperesenti ngati ndi ndalama, ansala ndi 96 chifukwa kutsikako kukuwerengedwa pa 120. Lina, mwasunga 10,000 kwa zaka zitatu pa chiwongoladzanja cha 10 peresenti chomwe chimaberekerana chaka ndi chaka. Mukaona 13,000 dziwani kuti wapanga simple interest, chiwongoladzanja chosaberekerana, mukaona 3,310 wapanga bwino koma waiwala kubwezera ndalama yoyamba ija, 13,310 ndiye wakhoza. Palinso mtundu wa calculated umene umasintha manambala kwa wophunzira aliyense, umenewu umathetsa zija zotumizirana ma ansala pa gulupu.

Wophunzira_wausiku:
Ndiyankheko ngati wophunzira poti ine kosi ngati imeneyi ndikupanga panopa ndipo ndimaphunzirira pa foni, laputopu ndilibe. Chonde aphunzitsi zamakalasi a live a maola awiri zisiyeni, bandulo imatha komanso mawu amadukaduka ndipo pomwe yabwerera netiweki inu mwapita kale pa sitepe yachinayi ife tinatsalira pa yoyamba ndipo kufunsa timachita manyazi. Aphunzitsi athu amajambula kavidiyo ka mphindi zisanu, kamera imangoona dzanja lawo ndi pepala, funso limodzi basi, ndiye timadawuniloda pomwe netiweki yagwira nkumaonera mobwerezabwereza. App ya Moodle imalolanso kusunga manotsi mufoni nkumawerenga opanda intaneti, ambiri sadziwa zimenezi, muwauze.

Pa nkhani yoona komwe tasochera, ife timalemba pa pepala nkujambula chithunzi nkutumiza. Kutayipa fomula pa foni ndi chilango, mabulaketi amasowa, ka 3 kapamwamba kaja kamatsikira pansi nkukhala ngati ukuchulukitsa ndi 3, ndiye umalakwa chifukwa cha kiyibodi osati chifukwa cha mutu. Iwo amazunguliza ndi chofiira pa chithunzi pomwepo nkutumiza voice note ya masekondi ochepa. Ine break-even, kuchuluka kwa katundu woti ugulitse kuti usapindule komanso usaluze, ndinaimvetsa choncho, ndinkagawa ndalama zokhazikika monga lendi ndi mtengo wogulitsira wonse, iwo anangoti "chotsanipo kaye zomwe mwawononga pa chinthu chimodzicho, chotsalacho ndi chimene chikulipira lendi". Basi zinalowa.

Mphunzitsi_wakumudzi:
Zikomo nonse awiri. Za ndemanga pa ansala yolakwika zija ndiyamba nazo sabata ino. Koma achimwene a usiku, zithunzi za kalasi yonse sabata iliyonse ndizichonga liti? Ndili ndekha kuno, palibe wondithandiza.

Wophunzira_wausiku:
Sikuti zonse ayi aphunzitsi kkkk. Athu amafuna chithunzi cha funso limodzi pa sabata, enawo ndi quiz. Pena amatenga pepala la wina lolakwika, amabisa dzina, nkuliika pa gulupu kuti tonse tipeze cholakwa. Pamenepo ndi pomwe anthu amayankhula kwambiri, ngakhale aja sanenako kanthu.

Wamaakaunti:
Ine sindine mphunzitsi, ndimagwira ntchito ya maakaunti, koma mundilole nditsutseko pang'ono. Zamapepala ndi zithunzi zonsezi zabwino koma ku ofesi palibe amene adzawapatse pepala kuti awerengere ngongole pamanja. Aphunzitseni Excel kapena Google Sheets, Sheets imatseguka pa foni ndipo mukagawana nawo fayilo mumaona fomula yomwe munthu walemba mu selo, apo ndiye funso lanu loti wasochera pati layankhidwa. Munthu akadziwa PMT, fomula ya m'menemo yowerengera ngongole, amapeza ndalama yobweza pa mwezi mu sekondi imodzi, ndipo cholakwa chomwe ndimachiona kwa ongoyamba ntchito ndi chimodzimodzi nthawi zonse, amaika chiwongoladzanja cha pa chaka osachigawa ndi 12 pomwe miyezi aika 12.

Komanso apatseni zinthu zoti ziwapweteke mumtima. Ngongole ya 120,000 pa flat rate ya 10 peresenti, kubweza miyezi 12, munthu amalipira 11,000 mwezi uliwonse nkumaganiza kuti watenga ngongole ya 10 peresenti. Koma ngongoleyo ikucheperachepera mwezi ndi mwezi pomwe chiwongoladzanja anachiwerengera pa 120,000 yonse, ndiye mukaiwerengera pa ndalama yotsala ikufika pafupifupi 18 peresenti pa chaka. Nanga uja amakongoza pa 10 peresenti pa mwezi, ukapanda kubweza chaka chathunthu zikuberekerana, ngongole imaposa katatu ndalama unatenga ija. Wophunzira akaona zimenezi pa sikirini yake sagonanso mkalasi.

Gogo_Pythagoras:
A Wamaakaunti, pa zitsanzozo tagwirizana, pa PMT ndiye ayi, osayamba nayo. Munthu amene sanaone ngongole ikutsika mzere ndi mzere akalakwitsa mu PMT sadabwa ngakhale ansala itatuluka yoposa ngongole yonse, amangokopera. Ine ndimayamba ndi mizati inayi mu Sheets momwemo, ngongole yoyambira mwezi, chiwongoladzanja, zomwe wabweza, zotsala, adzaze okha miyezi 12 mpaka aone ziro pansi. Akatero ndiye ndimawaonetsa PMT nkumadandaula kuti bwanji sindinanene kale. Ndipo ndimawapatsa lamulo la 72 loyezera mmutu, gawani 72 ndi peresenti mupeza zaka zomwe ndalama itenge kuti iwirikize kawiri, pa 8 peresenti ndi zaka pafupifupi 9. Luca Pacioli analilemba kale m'buku lake la 1494 ku Venice, kulibe kompyuta kulibe netiweki.

Mphunzitsi_wakumudzi:
Chabwino, ndiyesa tebulo la mizati inayilo ndi ngongole ya 120,000 ija. A Wamaakaunti, Sheets pa foni yaing'ono kukoka fomula kutsika mizere 12 kumatheka bwinobwino, kapena ndiwakonzere fayilo yoti angodzazamo manambala?