Zija ndinafunsa za kuitanidwabe kukayezetsa khomo la chiberekero

Amayi anzanga, mwezi watha ndinafunsa chochita, poti anandichotsa chiberekero chifukwa cha zotupa koma alangizi a zaumoyo kwathu kuno ku Chinamwali ankangondiitanabe kukayezetsa khansa ya khomo la chiberekero. Akafika pakhomo mtima unkandiwawa, chifukwa ankandikumbutsa opaleshoni ija.

Ndinamvera malangizo anu, ndinapita ndi buku langa la kuchipatala. Vuto linali m'bukumo. Tsiku londitulutsa anangolemba kuti ndachitidwa opaleshoni, osatchula chimene anachotsa, choncho dzina langa linatsalabe m'kaundula wa amayi oyenera kuyezetsa.

Anamwino anandiuza zimene sindinkazidziwa. Ena amachotsedwa chiberekero chonse pamodzi ndi khomo lake, ena amawasiyira khomolo. Amene anamusiyira ayenera kupitiriza VIA, kuyeza kopaka viniga kuja. Ngakhale wochotsedwa chonse, ngati chifukwa chake chinali khansa kapena zizindikiro zake zoyamba, amayenera kumaonedwabe. Ndiye alangizi aja sakanafufuta dzina langa pongomva mawu anga okha, ndipo pamenepa ndinawamvetsa.

Chimene chinandipweteka n'chakuti fayilo yanga inasowa. Ndinayenda katatu, ndalama ya kabaza kumangotha. Inapezeka nditakadandaula ku ofesi ya ombudsman ya pachipatalapo, yolandira madandaulo a odwala, imene ambiri sitidziwa n'komwe kuti ilipo.

Adokotala anawerenga zimene analemba kufiyeta, n'kutsimikiza kuti khomo linachotsedwa ndipo zotupazo sizinali khansa. Analemba zimenezi m'buku langa n'kudinda chidindo. Dzulo ndinawaonetsa alangizi aja, anapepesa, ndipo anakonza m'kaundula wawo ndili pomwepo.