Zowonjezera pa zithunzi zosowa za kuphedwa kwa Robert Kennedy

Funso lija linali lakuti: zithunzi zojambulidwa pa nthawi yeniyeni imene Robert F. Kennedy, wandale wa ku America, ankawomberedwa mu Ambassador Hotel ku Los Angeles pa 5 June 1968 zinapita kuti? Zotchuka za Boris Yaro wa nyuzipepala ya Los Angeles Times ndi Bill Eppridge wa magazini ya Life zilipo, koma zikuonetsa Kennedy atagwa kale.

Mkangano uli pa filimu ya Scott Enyart, mnyamata wa zaka 15 amene ankajambulira nyuzipepala ya kusukulu kwawo. Apolisi anamulanda filimuyo usiku womwewo, ndipo iye amati zithunzi za m'chipinda chimene munalira mfuti sanamubwezere. Mafayilo a apolisi atatsegulidwa mu 1988 ku California State Archives, kosungira zikalata zakale za boma ku Sacramento, kunapezeka kuti zithunzi 2,410 zinawotchedwa mu August 1968. Enyart anakasumira mzinda wa Los Angeles. Mu January 1996 manegetivi omwe mzinda unkati ndi ake anabedwa m'galimoto ya wamtengatenga akupita nawo kukhoti. Chaka chomwecho khoti linagamula kuti alipidwe ndalama zoposa $450,000.

Amene mukufufuza, musadalire chithunzi chotsukidwa papepala. Pemphani contact sheet (pepala loonetsa tizithunzi tonse ta pa filimu motsatana), muone manambala a m'mphepete mwa filimu: akadumpha, pena pake panadulidwa. Dzina la kampani yopanga filimu limalembedwanso pamenepo, ndiye muliyerekeze ndi filimu imene wojambula akuti anagula.