Imelo ya pa webusaiti yadzaza ma spam, nditani?

wa_ku_Chilomoni:
Abale ndithandizeni. Ndinawapangira achemwali anga kawebusaiti ka bizinesi yawo ya makeke ku Limbe, imelo ndinangoilemba poyera pa peji, ndiye pano inbox yadzaza zachabechabe, ena akuti mwawina ndalama ena akutsatsa mankhwala mpaka ma oda enieni akusowa momwemo. Anthu amenewa anaipeza bwanji?

mjomba_IT:
Si anthu achimwene, ndi ma bot. Timapulogalamu timeneti timayenda pa intaneti usana ndi usiku kuwerenga HTML (code yopangira peji) ya peji iliyonse, tikangoona @ kapena mailto: (poyambira link ya imelo) basi adilesiyo tatola, kenako eni ake amagulitsana mndandandawo. Chotsani imeloyo muike fomu yoti kasitomala azilemba uthenga, adilesi izikhala ku seva osaonekera. Pa fomupo muonjezere kabokosi kobisika koti munthu sakaona, bot imangodzaza paliponse ndiye uthenga ukabwera kabokosiko katadzazidwa mukudziwa kuti ngwabodza.

mayi_wa_ku_Ndirande:
Ine ndimangolemba "at" mmalo mwa @, sizokwanira?

mjomba_IT:
Zimachepetsako amayi koma ma bot ambiri njira imeneyo anaidziwa kalekale. Ngati webusaiti ikudutsa pa Cloudflare (kampani yoteteza mawebusaiti) yatsani Email Address Obfuscation, imabisa adilesi mu code koma munthu amaionabe. Pa WordPress (pulogalamu yopangira mawebusaiti) pali ka code kotchedwa antispambot() kogwira ntchito yofananayo.

wa_ku_Zingwangwa:
Chonde musaike imeloyo ngati chithunzi, anzathu osaona omwe amagwiritsa ntchito screen reader (pulogalamu yowerenga mokweza zolembedwa pa sikirini) sangaiwerenge, komanso pa foni kukopera kumavuta. Ndipo yakaleyo inalowa kale mmindandanda, atsegulireni achemwali ina yatsopano.