Mwana akufuna maphunziro a nthaka ndi ulimi wothirira: abwere ku Joni kapena apite ku Bunda?

Abale anga pa gulu pano, ndithandizeni nzeru. Ine ndimagwira ntchito yosamalira maluwa ndi kapinga ku Randburg, kuno ku Joni, ndipo ndine ndimalipirira sukulu mwana wa achemwali anga ku Chikwawa. Mtsikanayu wakhoza bwino MSCE, makamaka Chemistry ndi masamu. Unesi sakufuna n'kuumva komwe, wakakamira za nthaka ndi ulimi wothirira. Akuti ngalande yaikulu yochokera ku Kapichira ija ikadzayamba kuthirira minda ya ku Chikwawa ndi Nsanje, padzafunika anthu odziwa kuyeza dothi ndi kugawa madzi. Mayi ake akuti ndimutenge, poti sukulu zabwino zili kuno. Kumudzi amayesa kuti ndalama kuno timachita kutola. Kodi MSCE amailandira? Nanga fizi yake ndingaithe ine?

Wophunzira wina, ku Pretoria:
Amalume, choyamba dziwani kuti mu Johannesburg mayunivesite a Wits ndi UJ alibe sukulu ya zaulimi. Za nthaka zenizeni zili ku University of Pretoria, ku Free State ku Bloemfontein, ndi ku Stellenbosch, ndipo BSc Agric imatenga zaka 4. Vuto ndi polowera. MSCE amaiwerengera ngati O-Level, ndiye payokha kawirikawiri sikwanira. Pamafunika chikalata cha exemption, chokuvomereza kulowa yunivesite, chochokera ku Matriculation Board, ndipo ambiri amachipeza atawonjezera A-Level. Ine ndikanati apite ku LUANAR, ku Bunda. Kumeneko kuli digiri ya Soil Science komanso ya Irrigation Engineering. Akamaliza, mapepala ake akawunikidwe ku SAQA, bungwe lowunika masatifiketi kuno ku South Africa, adzabwere kudzachita Masters. Pa Masters m'pomwe pamapezekako thandizo, chifukwa aphunzitsi ena amakhala ndi kafukufuku wolipiridwa ndi mabungwe ngati Water Research Commission.

Mayi wina, ku Rosettenville:
Zoona zimenezo. Komanso achimwene musanamizidwe ndi nkhani yoti ana a m'maiko a SADC amalipira ngati eni dziko. Fizi ya m'kalasi inde, koma pali kena kowonjezera ka alendo, study visa, ndi medical aid ya konkuno yomwe popanda iyo visa satulutsa. Thandizo la boma la fizi lija, NSFAS, iwalani, si la ife alendo. Lendi ya ku Hatfield, komwe kuli University of Pretoria, simunaiwerengere.

Mnyamata wina:
Bwanji UNISA, yunivesite yophunzira uli kunyumba ija? Koleji yawo ya zaulimi ili pa Florida pompa mu Joni momwemuno, azigona kwanu.

Bambo wina, ku Hartswater:
Iwe mphwanga, dothi saphunzira pa foni pokha, pamafunika kulowa m'dzenje n'kuligwira. Amalume, ine ndili m'mafamu a ku Vaalharts, sikimu yothirira yaikulu kuposa zonse m'dziko muno. Mwanayo waona patali, musamubweze. Anthu amaganiza kuti kuthirira n'kungotsegula madzi. Kuno anathirira kwa zaka zambiri mpaka madzi apansi anakwera, minda ina n'kuyamba kuchita lowe, mchere n'kumayera pamwamba. Anachita kukwirira mapaipi pansi pa minda kuti madzi otsala azituluka. Madzi aliwonse amabwera ndi kamchere. Dzuwa likaumitsa madziwo, mcherewo umatsala. Ukachuluka mchere wa mtundu wa sodium dothi limatsekeka, madzi salowanso, ndiye amathira ufa wa mwala wotchedwa gypsum n'kutsuka ndi madzi ambiri, koma zimatheka pokhapokha ngati madziwo ali ndi kotulukira. Tsono ganizani kwanu ku Chikwawa: kotentha chonchija, malo ambiri ndi makande osachedwa kugwira madzi, mijigo ina imatulutsa kale madzi amchere. Ine ndikuona kuti ndi bwino ayambe wadziwa dothi lomwelo, za kuno adzazione pambuyo. Ku Bunda akhoza kukapempha attachment ku minda ya nzimbe ku Nchalo kapena ku masikimu a mpunga ngati Muona.

Mwini funso:
Zikomo nonse, mwanditsegula m'maso. Achemwali ndiwaimbira Lamlungu, ngakhale ndikudziwa kuti aziti ndikumukana mwana. Kafunso kena: akapanda kusankhidwa ku Bunda, dipuloma ya zothirira ya ku NRC (Natural Resources College) ingamutsegulire njira ya digiri pambuyo pake? Amene munadutsa njira imeneyo ndiuzeni, ndisanayambe kutumiza ndalama za mafomu.