Essex V6 ya Cortina yalira, koma getsi la oilo silizima

aJere (Kapata): Akuluakulu, ndigawireniko nzeru. Ndili ndi Ford Cortina bakkie ya malemu atate, ija ya 3000, injini ya Essex V6. Inaima kalekale giya ya timing itathothoka mano. Ndaimanga ndekha pakhomo pano: maring'i atsopano, mabering'i atsopano, crank inakapalidwa ku Lusaka, giya ndaika yachitsulo. Dzulo ndangokhudza kiyi yalira, koma getsi lofiira la oilo lili psuu, silizima. Ndazimitsa msanga. Ndiyambire pati?

aMwale (Katete): Musailizenso, aJere. Koma musanachite mantha, switch ya oilo, imene imayatsa getsilo pressure ikatsika, imanama, makamaka ikakhalitsa osagwira ntchito. Ichotseni, pamalo pakepo mangani geji yoyezera pressure ya oilo. Tsono chotsani mapulagi onse 6 n'kupukusa ndi starter.

aJere: Geji ndabwereka m'mawa uno, singano ili duu pa ziro. Ndatsegulanso zivundikiro za marocker (tizitsulo totsegula mavavu pamwamba pa injini) mbali zonse ziwiri, kuli gwaa, mulibe ngakhale kadontho.

Tembo (Mchini): Amdala, kapena mabering'i si saizi yake? Crank ikapalidwa 0.25 mm imafuna mabering'i a undersize ofanana nayo.

aMwale: Iwe Tembo, funso lako ndi labwino, koma mabering'i otakasuka amatsitsa pressure injini ikatentha, saithetseratu pa oilo wozizira. Ziro ndiye kuti pampu siikoka, kapena siizungulira n'komwe.

aLungu (Sinda): Mukuvutikiranji ndi nkhalamba yakumwa petulo ngati imeneyo? Ikanimo injini ya dizilo ya Toyota, muzinyamula mtedza ndi soya mwamtendere.

aJere: Asikulu, yonyamula soya ndili nayo. Iyi ndi ya atate, ndifuna imveke mmene inkamvekera pokwera mapiri a Nyimba.

aZulu (Petauke): Alekeni aLungu, sanayendetsepo Essex. Mwana wanga Jere, ndiyankhe izi ziwiri. Pampu ya oilo unagula yatsopano kapena unabwezamo yakale? Nanga kamtengo kachitsulo ka makona 6 kamene kamachoka pansi pa distributor (chogawa moto ku mapulagi) kupita ku pampu, unakayang'ana?

aJere: Pampu ndi yakale, ndinaitsuka ndi palafini kunja kokha chifukwa inkazungulira ndi dzanja. Kamtengo nako ndi kakale komweko.

aZulu: Basi, nkhani ili pomwepo. Pa injini imeneyi camshaft imazunguza distributor, distributor n'kuzunguza pampu kudzera pa kamtengo kameneko. Ndi koonda ngati pensulo, ndipo makona ake akadyeka kamangozungulira m'bowo osagwira kanthu. Injini imalira bwinobwino chifukwa moto ulipo, koma oilo wangokhala m'sampu, mosungira oilo pansi pa injini.

Tsono ganiza chimene chinaimitsa galimotoyo. Giya ya timing imene a Ford ankaika inali ya fibre kuti isamachite phokoso. Ikakalamba mano amayoyoka, ndipo sapita kwina koma m'sampu. Zidutswa zikuluzikulu zimatseka sefa ya paipi yokokera oilo, tizing'onoting'ono timalowa m'pampu n'kuimanga. Pampu ikalimba, chimene chimagonja ndi kamtengo kaja. Ndazionapo kangapo pa ma Cortina ndi ma Granada.

Chita izi usanamasule sampu. Ika pisitoni ya nambala 1 pamwamba pa compression, lemba chizindikiro pamene rotor ya m'distributor yaloza, uonenso mbali imene imazungulira. Zula distributor, unika m'bowomo ndi tochi. Ngati kamtengo kalipo, kagwire ndi soketi yaing'ono pa extension yaitali, uzunguze ndi drill mbali yomweyo ya rotor. Soketiyo uimange ndi tepi ku extension, ikagwera m'katimo udzalira. Pampu ikakoka udzamva drill ikulemera m'manja.

anaBanda (Moth): Ndiwonjezeko pa za aZulu. Pampu yotsukidwa ndi palafini imakhala youma, nthawi zina imangopukusa mpweya. Ine ndimaitsegula n'kudzaza Vaseline m'kati ndisanaimange, fyuluta nayo ndimathiramo oilo. Muonenso gasket ya paipi yokokera, ikamayamwa mpweya pamenepo zonse ndi chabe.

aJere: Ndayesa madzulo ano. Drill ikungothamanga yopepuka, geji osagwedezeka. Ndiye ndatsitsa sampu. Kamtengo kumwamba kali bwino, koma kumunsi kolowa m'pampu makona onse anatha, kasalala see. Nditatsegula pampu ndapeza tizidutswa tofiirira ta giya titakanirira pa relief valve (vavu yotulutsa oilo pressure ikachuluka), ndipo chivundikiro chake chili ndi mizere yoti chikhadabo chimakodwamo. Sefa nditaigogoda pa nyuzipepala patuluka mano odzaza chikhato.

aZulu: Pampu imeneyo usaibwezemo. Gula yatsopano pamodzi ndi kamtengo, ndipo ukapeza kolimbitsidwa tenga komweko. Zida za Essex sizisowa kwenikweni, ku South Africa anapitiriza kupanga injini imeneyi mpaka 2000, kotero amene amaitanitsa katundu ku Johannesburg akhoza kukubweretsera. Poti sampu ili pansi kale, masula makepu awiri a mabering'i a crank, imodzi ya main ndi imodzi ya big end, uone ngati mabering'i sanakandike pamene inalira youma.

aMwale: Ndipo mukabweza distributor musasokoneze mawaya. Firing order, ndondomeko ya moto wopita ku mapulagi, ndi 1-4-2-5-3-6. Oilo thirani 20W-50, osati wopyapyala wa magalimoto amakonowa. Muzunguze ndi drill mpaka oilo atulukire ku marocker mbali zonse ziwiri, ndiye mugwire kiyi.

Tembo: Nanga giya yachitsuloyo siidzavutanso?

aZulu: Siithothoka, koma imalira kamluzu pang'ono, usadabwe. Jere, mabering'iwo ukawamasula utijambulire tione.

aJere: Ndawamasula, onse awiri ali mbee, palibe mzere. Zithunzi ndi izo. Pampu ndi kamtengo ndaitanitsa, akuti zibwera ndi basi ya Lachisanu. anaBanda, Vaseline yake wamba yomweyi ya m'shopu?

anaBanda: Yomweyo, yopanda mafungo. Girisi musayese, sasungunuka msanga mu oilo.