Kodi mpweya wa kumtaya ungayendetse malo oyeretsera madzi a m'suweji?

Wofunsa:
Ndikupempha nzeru kwa inu amene mumaidziwa ntchitoyi. Zimandipweteka mtima kuona mpweya wochokera m'zinyalala zowola ukungotenthedwa usana ndi usiku, pamene malo oyeretsera madzi a m'suweji amene ali pafupi ndi mtayawo akulipira ndalama zambiri za magetsi. Kodi n'zotheka kuti mpweyawu uziyendetsa jenereta ya pamalo amenewo, nanga chimavuta n'chiyani?

Woyankha woyamba:
N'zotheka ndithu. Zinyalala zikakwiriridwa mopanda okosijeni, mabakiteriya amaziwoletsa n'kutulutsa mpweya umene pafupifupi theka lake ndi methane, mpweya umene umayaka, ndipo wotsalawo kwakukulu ndi carbon dioxide. Amakumba zitsime pamtayapo, n'kuikamo mapaipi obowola amene amayamwa mpweyawo kupita nawo ku injini. Kumalo oyeretsera madziko, nthawi zambiri theka la magetsi kapena kuposa pamenepo limathera ku makina ouzira mpweya m'madzi kuti tizilombo todya zonyansa tipume, ndipo makinawa saima, monganso mtaya suleka kutulutsa mpweya ngakhale usiku.

Woyankha wachiwiri:
Ndikugwirizana ndi anzangawa, koma ndikuchenjezeni kuti mpweya wa kumtaya ndi wauve kwambiri. Ndinatsegulapo injini imene inkayendera mpweya wosasefedwa bwino, ndipo pamavalavu ndi pamwamba pa mapisitoni panali pataundana zinthu zotuwa, zolimba ngati mchenga woumbika, moti tinachita kupala ndi chitsulo. Zimenezi zimabwera chifukwa cha ma siloxane, mankhwala ochokera m'zinthu monga mafuta odzola ndi sopo wa kumutu zimene anthu amataya, omwe akapsa amasanduka silika, chinthu cholimba chopezeka mumchenga. Palinso hydrogen sulfide, wonunkha ngati mazira ovunda, amene amawononga oyilo ndi kudya zitsulo. Choncho mpweyawo uyenera kuchotsedwa chinyezi ndi kusefedwa m'makala okonzedwa mwapadera usanalowe mu injini, ndipo amene angapewe mtengo wa sefa adzaulipirabe pokonzetsa injini. Musayamwenso mwamphamvu kwambiri, chifukwa mpweya wakunja ukalowa m'zinyalala ukhoza kuyambitsa moto wapansi umene umavuta kuzimitsa.

Woyankha wachitatu:
Ndiwonjezerepo kuti mtaya ukatsekedwa, mpweya wake umayamba kuchepa chaka ndi chaka, pamene madzi a m'suweji sachepa. N'chifukwa chake ine ndimaona kuti n'kwanzeru kumanganso matanki owoletseramo matope a m'suweji, amene nawonso amatulutsa methane. Injini imasandutsa magetsi pafupifupi magawo 35 mpaka 40 pa 100 alionse a mphamvu ya mpweyawo, ndipo kutentha kotsalako kukhoza kufunditsa matankiwo pa madigiri 35 mpaka 37, pamene mabakiteriya ake amagwira bwino ntchito. Musachotse nthambo za magetsi wamba kapena chotenthera mpweya chija, pakuti tsiku limene injini ili kokonzedwa muzidzazifuna zonse ziwiri.